Munda umodzi, malabu awiri, zotsatira zosiyana: tikhulupirire pepala liti?

Funso la ulendo uno lachokera kwa mayi wina amene ndi mlembi wa kopaletivi ya alimi a chamba cha mafakitale m'boma la Kasungu. M'kalatayi, THC ndi mankhwala a mu chamba omwe amaledzeretsa, CBD ndi omwe saledzeretsa, ndipo Cannabis Regulatory Authority ndi bungwe la boma loyang'anira ulimi wa chamba. Alemba motere:

"Tili ndi laisensi ya Cannabis Regulatory Authority, ndipo chaka chino takolola maluwa a CBD kachiwiri. Tisanagulitse tinatumiza sampulo ku labu ina konkuno, anatiuza kuti THC ndi 0.7 peresenti, CBD ndi 12 peresenti. Tinasangalala. Koma wogula anatenga sampulo yakeyake n'kukayezetsa ku South Africa, ndipo kumeneko kwatuluka THC 1.3 peresenti, CBD 10 peresenti. Pano akuti katundu wathu wadutsa malire a THC, satenga. Mamembala ena akuti wogulayo akufuna kutidyera masuku pamutu, ena akuti labu yathu ndi yabodza, ena akuti tizingoyezetsa kwina ndi kwina mpaka tipeze pepala lotikomera. Munda ndi umodzi, chamba ndi chomwecho. Zimatheka bwanji? Tikhulupirire ndani?"

Mayi, pepani ndi nkhawa yomwe muli nayo. Thukuta la chaka chonse likamatsamira pa kanambala kamodzi ka papepala, tulo sitibwera. Koma ikani kaye mtima m'malo. Pa zaka zomwe ndakhala ndikugwira ntchito yoyeza zinthu mu labu, ndaona kambirimbiri malabu awiri oona mtima akutulutsa manambala osiyana pa zokolola zimodzi, popanda wonama kapena wakuba. Kuyeza mphamvu ya chamba ndi ntchito ya masitepe ambiri, kuyambira pa munthu wodula duwa m'munda mpaka pa munthu wosayina satifiketi, ndipo pa sitepe iliyonse nambala imatha kusuntha pang'ono. Nthawi zambiri kusuntha kwakukulu kumachitika sampulo isanafike n'komwe pa makina. Choncho musathamangire kudula ubale ndi wogula, komanso musanyoze labu yanu. Manambala anuwa ali ndi zomwe akutiuza, ndipo ndikufuna tiwawerenge limodzi.

Lamulo la Cannabis Regulation Act la 2020 linaika malire a THC mu chamba cha mafakitale pa 1 peresenti. Awa ndi malire omasuka poyerekeza ndi mayiko ambiri. Ku America, lamulo la ulimi la 2018 linaika 0.3 peresenti, ndipo mayiko a European Union anakhala nthawi yaitali pa 0.2 asanakweze kufika pa 0.3 mu 2023. Switzerland nayo ili pa 1 peresenti ngati ife. Ndiye mufunseni wogula wanuyo kuti katunduyo akupita naye kuti. Ngati akukagulitsa kumene malire ake ndi 0.3, ngakhale pepala lanu la 0.7 silikanamuthandiza, ndipo mkangano wa malabu ungakhale ukungophimba nkhani ina.

Tsopano taonani manambala aja. Ku labu yachiwiri THC wakwera, koma CBD watsika. Chimenechi n'chimene chandigwira maso. Vuto likanakhala la chinyezi kapena la sikelo yolakwika, manambala onse awiri akanakwerera limodzi kapena kutsikira limodzi, chifukwa onse amawerengedwa kuchokera pa kulemera kumodzi. Akamapita mbali zosiyana chonchi, ine ndimayamba kukayikira kuti malabu awiriwa sanayeze mbewu zofanana. Pali chizindikiro chinanso. Mu mbewu yeniyeni ya CBD, pa gawo limodzi lililonse la THC pamakhala magawo a CBD apakati pa 20 ndi 30. Duwa la CBD 12 peresenti liyenera kukhala ndi THC wa pafupifupi theka la peresenti. Pepala lanu loyamba likupereka magawo 17 pa limodzi, lachiwiri likupereka osakwana 8. Onse awiri ali pansi pa zomwe ndingayembekezere, ngakhale lija munasangalala nalo. Zikatere, kawirikawiri m'mundamo mumakhala muli mitengo ingapo yosakanizika mtundu, yooneka ngati inzake koma yokhala ndi THC wambiri.

Tiyeni tiwerengetsere. Tinene kuti mwadula maluwa pa mitengo khumi. Isanu ndi inayi ili ndi THC 0.5 peresenti, umodzi wosakanizikawo uli ndi 6 peresenti. Mukaphatikiza mofanana, sampulo yonse itulutsa 1.05 peresenti. Mtengo umodzi wokha wakudutsitsani malire. Mnzanu akadula mitengo ina khumi n'kuuphonya mtengo umenewo, apeza 0.5. Malabu onse awiri anena zoona za zomwe analandira, koma palibe pepala lomwe lanena zoona za munda wonse.

Mwalemba kuti mwakolola kachiwiri, ndiye funso langa ndi ili: mbewu ya chaka chino munaigula kwa wogulitsa wovomerezeka, kapena munasunga njere za chaka chatha? Kwathu kuno funsoli ndi lalikulu kuposa kwina, chifukwa chamba chamakolo, chija chinatchuka kunja ndi dzina loti Malawi Gold, chimamera m'madera ambiri, ndipo mungu wa chamba umauluka ndi mphepo makilomita angapo. Mungu umenewo ukagwera pa maluwa anu sukweza THC wa duwa la chaka chomwecho, ayi. Umalowa mu njere. Mukadzala njerezo chaka chotsatira, m'pamene ana osakanizika aja amamera pakati pa anzawo, ndipo ndi maso simungawasiyanitse msanga. Ngati munasunga njere, yankho lalikulu la funso lanu mwina lagona pamenepa.

Ngakhale mbewu ikhale yabwino, katengedwe ka sampulo kamasintha nambala kwambiri. THC ndi CBD amakhala mu tinthu tonata tonyezimira timene timakuta duwa lachikazi. Duwa la pamwamba, lomwe limamwa dzuwa tsiku lonse, limakhala ndi tambiri kuposa la m'munsi mu mthunzi. Masamba ali ndi tochepa, phesi ndi njere pafupifupi alibe. Mitengo ya m'mphepete mwa munda imasiyana ndi yapakati, ya pachulu imasiyana ndi ya kudambo. Inu a ku Kasungu mukudziwa za fodya: wogula ku okushoni sakhutira ndi ndindi zapamwamba pa belo, amapisa dzanja pakati, chifukwa belo limodzi limatha kukhala ndi magiledi awiri. Thumba la maluwa a chamba n'chimodzimodzi, ndipo tinthu tonata tija timayoyoka n'kukadikha pansi pa thumba. Wotapa pamwamba ndi wotapa pansi sangapeze nambala imodzi.

N'chifukwa chake mayiko omwe anayamba kale analemba ndondomeko yokhwima. Ya European Union imati wotenga sampulo ayende m'munda mwadongosolo, asiye m'mphepete, adule masentimita 30 a nthambi yokhala ndi duwa lachikazi pa mitengo 50. Kuyanika kuyambe pasanathe maola 48, pa kutentha kosafika madigiri 70, mpaka chinyezi chitsike kufika pakati pa 8 ndi 13 peresenti. Kenako achotse mapesi ndi njere, apere, asefe ndi sefa ya milimita imodzi. Mitengo 50, Mayi. Alimi ambiri omwe ndimakumana nawo amathyola maluwa atatu kapena anayi okongola kwambiri n'kuika mu envelopu. Dzifunseni kuti sampulo yanu anatenga ndani, pa mitengo ingati, mbali iti ya mtengo. Mumufunsenso wogula mafunso omwewo.

Tsiku lotengera sampulo nalonso muliyang'ane. Maluwa akamakhwima THC amakwera sabata ndi sabata, makamaka kumapeto. Ngati yanu munadula kudakali milungu itatu kuti mukolole, pomwe wogula anatapa mu zokolola zouma, munayeza chamba cha misinkhu iwiri. Ku America lamulo limafuna kuti mlimi akolole pasanathe masiku 30 sampulo itatengedwa, pa chifukwa chomwechi.

Ndiye pali ulendo wopita ku labu. Ndatsekulapo majumbo ofika pa benchi ali thukuta m'kati, maluwa atabiriwira mwakuda, fungo la nkhungu likugunda mphuno, chifukwa anawamanga asanaume n'kuwaika pafupi ndi injini ya minibasi dzuwa lili pamutu. Sampulo yotere yasintha kale. Kutentha, kuwala ndi mpweya zimawononga THC pang'onopang'ono n'kumusandutsa mankhwala ena otchedwa CBN. Mukaona CBN wokwera pa satifiketi, dziwani kuti sampuloyo ndi yakale kapena inasungidwa molakwika. Duwa louma bwino liziikidwa mu botolo lagalasi lotseka kapena thumba losalowa mpweya, pamalo ozizira ndi amdima.

Za chinyezi ndinene mwachidule. Malire a malamulo amawerengedwa pa kulemera kwa chamba chouma. Duwa lomwe THC wake ndi 1.0 peresenti likauma, lingaonetse 0.8 ngati laikidwa pa sikelo lili ndi madzi 20 peresenti ndipo labu sinakonze nambalayo. Yang'anani pa masatifiketi anu ngati alemba chinyezi chomwe anapeza, komanso ngati nambala ya THC ndi ya chouma kapena ya momwe sampulo inafikira.

Tilowe mu labu tsopano. Mu duwa laliwisi kapena longouma kumene, THC weniweni amakhala wochepa kwambiri. Chochuluka ndi THCA, yemwe amasanduka THC akatenthedwa, potaya kachigawo ka carbon dioxide. Potaya kachigawoko amapepuka, n'chifukwa chake powerengera THC yense timatenga THCA kuchulukitsa ndi 0.877, n'kuwonjezera THC yemwe analipo kale. Sampulo ya THC 0.15 ndi THCA 0.95 ndiye kuti THC yense ndi 0.98 peresenti. Labu ikangolemba 0.15 yekhayo, mlimi amavina, koma sinamuuze zoona zonse. CBD ndi CBDA, yemwe amasanduka CBD akatenthedwa, nawonso amawerengedwa chimodzimodzi. Onani bwino ngati mapepala anu onse awiri akunena za THC yense.

Makina oyezera alipo a mitundu iwiri ikuluikulu, GC ndi HPLC. GC imatenthetsa sampulo pa madigiri opitirira 200 kuti isanduke mpweya, ndiye THCA amasanduka THC m'makina momwemo. Vuto n'lakuti kusandukako sikumakwanira, ndipo kumasiyana malinga ndi makina komanso ukhondo wa polowera sampulo, choncho GC imatha kupereka nambala yotsikirapo. HPLC sitenthetsa chotero. Imayendetsa sampulo m'madzi a mankhwala kudutsa mu kapaipi kotchedwa column, n'kuonetsa THCA payekha, THC payekha, CBDA payekha. Pa maluwa a CBD ine ndimakonda HPLC, chifukwa imakuonetsa zonse poyera ndipo masamu umachita wekha ukuona. Sindikunena kuti GC ndi yoipa. Ndondomeko ya European Union ija imagwiritsa ntchito GC. Koma labu imodzi ikakhala pa GC, ina pa HPLC, musayembekezere kuti manambala angafanane ndendende.

Makina asanayambe n'komwe, pali ntchito ya manja yomwe anthu amaipeputsa. Labu imalandira magalamu angapo koma imayeza kachigawo kochepa, nthawi zambiri kosakwana galamu imodzi. Kachigawoko kayenera kuimira zonse, choncho sampulo iyenera kuperedwa n'kusakanizidwa bwino. Mukatsekula chopera pambuyo pa duwa lonata, mumapeza utomoni wachikasu utamatirira pa mipeni ndi pa chivindikiro, woti ukaupala ndi chala umakanirira. Umenewo ndi THC ndi CBD yemwe sadzafika pa makina. Chopera chikatentha, THCA amayamba kusanduka pompo. Malabu osamala amaziziritsa sampulo asanapere, amapera pang'onopang'ono, ndipo amatsuka chopera ndi mowa wa mu labu asanaikemo sampulo ina. Kenako ufawo amauviika mu methanol kapena ethanol kuti mankhwala asungunuke. Madziwo akachepa, kapena nthawi yogwedeza ikafupika, ena amatsalira mu zinyalala. Njira yodziwira ndi yosavuta: uviikenso zinyalalazo kachiwiri, uyeze. Ukapezamo zambiri, ndiye kuti njira yako ikutaya.

Chinthu china chimene mlimi sachiona koma chimalamulira nambala yonse ndi standard. Makina paokha sadziwa kuti 1 peresenti ndi chiyani. Timawaphunzitsa ndi timabotolo tagalasi tomata, tochokera kunja, tokhala ndi THC kapena CBD wa mlingo wodziwika, kawirikawiri miligalamu imodzi pa mililita, tili ndi satifiketi yake ndi tsiku lothera ntchito. Timasungidwa mu firiji yozizira madigiri 20 pansi pa ziro. Apa m'pamene malabu a kwathu kuno amavutikira, ndipo ndikunena izi mowamvera chisoni. Timabotoloti ndi todula, timafuna ndalama zakunja ndi zilolezo, timachedwa m'njira, ndipo magetsi akazima usiku wonse firiji imafunda. Standard ya THCA ikawonongeka, makina amaona kachizindikiro kakang'ono n'kumakatenga ngati mlingo wathunthu, ndiye sampulo iliyonse imaoneka yamphamvu kuposa momwe ilili. Kabotolo kakatsekulidwa kawirikawiri madzi ake n'kuuluka, standard imakhathamira, ndipo zotsatira zonse zimatsika. Zonse ziwirizi zimachitika mwakachetechete, makina osadandaula. Labu yabwino imagula standard kwa opanga awiri osiyana n'kumayerekeza, imalemba kutentha kwa firiji tsiku ndi tsiku, ndipo imakhala ndi sampulo yakeyake yodziwika yomwe imayezedwa limodzi ndi za makasitomala ulendo uliwonse. Nambala ya sampulo imeneyo ikayamba kusuntha, ntchito imaima mpaka chifukwa chipezeke.

Chamba cha CBD chili ndi vuto lakelake. Mu sampulo imodzi muli CBD wochuluka kwambiri ndi THC wochepa kwambiri. Ukasungunula kwambiri kuti CBD akwane mu mlingo wa makina, THC amachepa mpaka makinawo kulephera kumuona bwino. Ukasungunula pang'ono kuti THC aoneke bwino, CBD amasefukira ndipo nambala yake imatsika. Njira yolondola ndi kuyeza kawiri, pa kusungunula kuwiri kosiyana. Zimadya nthawi ndi mankhwala, ndipo labu yothamangira ndalama imadumpha. Izi nazonso zingapangitse kuti THC ndi CBD apite mbali zosiyana ngati momwe zachitikira kwa inu, choncho musazichotse pa mndandanda wa zokayikitsa. Palinso kutsalira. Ngati makina angoyeza kumene chamba champhamvu cha THC 15 peresenti, kenako n'kulowetsa sampulo yanu popanda kutsuka ndi kuyeza madzi opanda kanthu pakati, kotsalira kochepa chabe n'kokwanira kukweza nambala yanu. Ndipo pa chromatogram, chithunzi cha mzere wokwera ndi kutsika chomwe makina amajambula, mankhwala ena amatulukira moyandikana kwambiri: delta-8 THC pafupi ndi delta-9 (THC weniweni uja), CBG pafupi ndi CBD. Column ikakalamba, kapena chipinda chikatentha ndi dzuwa la Okutobala popanda chowongolera kutentha, timapiri tiwiri timalumikizana n'kuwerengedwa ngati kamodzi.

Ngakhale zonsezi zichitike bwino, palibe muyezo wopanda mpata wa kukayika. Labu yodziwa ntchito imalemba mpatawo pambali pa nambala, mwachitsanzo 0.95 ± 0.10. Unduna wa zaulimi ku America unaika zimenezi mu malamulo ake: sampulo ikatuluka 0.35 ± 0.06, ndiye kuti nambala yoona ili pakati pa 0.29 ndi 0.41, ndipo popeza 0.3 ali m'kati mwa mpatawo, mbewuyo imavomerezedwa. Satifiketi yopanda mpata umenewu ndimaiona ngati yosamaliza. Komabe ndinene mosabisa: kuchoka pa 0.7 kufika pa 1.3 n'kutali kwambiri. Mpata wa kukayika wokha sungafotokoze kusiyana kotere. Pali chinachake chenicheni chomwe chasiyana, ndipo chiyenera kupezeka.

Ndifike pa maganizo a mamembala omwe akuti muzingoyezetsa mpaka mupeze pepala lokoma. Ndikuwamvetsa, ngongole ikuwadikira. Koma chonde musatero. Njira imeneyi yawononga kale msika kwina. M'zigawo za America zomwe zinaloleza kugulitsa chamba, ogula amalipira zambiri pa THC wokwera, ndiye alimi anayamba kusamukira ku labu iliyonse yopereka nambala yaikulu, ndipo malabu oona mtima anayamba kutaya makasitomala. Mu 2023 akatswiri a University of Northern Colorado anagula masampulo 23 a maluwa m'masitolo a ku Colorado n'kuwayezanso. Pafupifupi 70 peresenti anali ndi THC wotsika ndi zoposa 15 peresenti poyerekeza ndi zolembedwa pa paketi. California inafika pokakamiza malabu onse kugwiritsa ntchito njira imodzi yoyezera maluwa kuyambira Januwale 2024. Ife vuto lathu ndi lotembenuka, timafuna THC wotsika, koma msampha ndi womwewo. Katundu akatuluka ndi pepala lokoma n'kukayezedwanso pa doko la dziko lina, akapezeka wodutsa malire amagwidwa ngati mankhwala oletsedwa. Mutaya katundu, mwina laisensi, ndipo wogula aliyense wakunja ayamba kukayikira satifiketi iliyonse yochokera ku Malawi, kuphatikizapo ya alimi osalakwa. Kumbukiraninso kuti mafuta a CBD amakathera m'kamwa mwa odwala, ena mwa iwo ana a khunyu, omwe mlingo wawo wa mankhwala umadalira nambala imeneyi.

Posankha labu, muyezo wa dziko lonse ndi ISO/IEC 17025. M'chigawo chathu malabu a m'mayiko ngati Malawi ndi Zambia amavomerezedwa ndi SADCAS, yomwe likulu lake lili ku Gaborone, pomwe a ku South Africa amavomerezedwa ndi SANAS. Koma chenjerani: chivomerezo chimaperekedwa pa miyezo yotchulidwa, osati pa nyumba yonse. Labu ingakhale yovomerezeka poyeza madzi kapena aflatoxin mu mtedza, koma osati THC mu duwa la chamba. Pemphani kuona pepala lomwe latchula miyezo yomwe anavomerezedwa. Funsaninso ngati amachita nawo proficiency testing, pomwe bungwe lapadera limatumiza sampulo imodzi ku malabu ambiri osawauza nambala yake, kenako n'kuyerekeza mayankho. Bungwe la miyezo la ku America, NIST, linayambitsa pulogalamu yotere ya chamba mu 2020, ndipo linadzatulutsanso ufa wa chamba cha mafakitale wa mlingo wodziwika woti malabu azidziyezera. Labu yodzidalira imakuonetsani zotsatira zake za mayeso amenewa mosavuta. Yomwe ikukwiya ndi funsolo, kapena yomwe ikukufunsani kuti "mukufuna nambala yanji", ithaweni.

Nazi zomwe ndingachite ndikanakhala pa mpando wanu. Katunduyo asasunthe, ndipo asasakanizidwe ndi wina. Lemberani malabu onse awiri mwaulemu, muwapemphe chromatogram ya sampulo yanu, njira yomwe anagwiritsa ntchito, chinyezi, THC ndi THCA padera, mpata wa kukayika, ndi tsiku lomwe sampulo inafika komanso lomwe inayezedwa. Mayankho amenewa okha angathe kuthetsa nkhani. Ngati sanathetse, gwirizanani ndi wogula kuti mutengenso sampulo limodzi, pamaso pa mboni yosakondera, makamaka wa ku Cannabis Regulatory Authority. Tapani m'matumba ambiri, pamwamba, pakati ndi pansi. Zonsezo ziperedwe pamodzi kamodzi, zisakanizidwe bwino, kenako ufawo ugawidwe m'mabotolo anayi omata, osayinidwa ndi mbali zonse. Limodzi lipite ku labu yanu, lina ku ya wogula, lachitatu lisungidwe pozizira kuti likhale la labu yachitatu ngati mkangano upitirira. Lachinayi litumizeni ku imodzi mwa malabu awiriwo ndi nambala ina, osawauza kuti ndi ufa womwewo. Labu ikapereka mayankho otalikirana pa ufa umodzi, mwadziwa pomwe pali vuto. Malabu awiriwo akagwirizana pa ufa umenewu, ndiye kuti vuto linali la sampulo kapena la mbewu, osati la makina. Ndipo musayerekeze kupatsira sampulo munthu wa basi ya ku Johannesburg kuti adutse nayo pa Mwanza. Chamba chodutsa malire a dziko chimafuna chilolezo, ngakhale magalamu ochepa, ndiye yambani mwafunsa ku Cannabis Regulatory Authority.

Zikatsimikizika kuti THC wadutsadi 1 peresenti, musabise ndipo musagulitse mwamseri. Kauzeni a Authority nokha, muwafunse zomwe malamulo amalola pa zokolola zotere. Wobwera yekha ndi mapepala ake amamvedwa mosiyana ndi wogwidwa. Ngati pali mgwirizano wolembedwa ndi wogula ndipo ndalama zake ndi zambiri, onanani ndi loya musanasayine chilichonse chovomera kuti katundu ndi wolakwika. Pa nkhani ya mbewu, pitani kwa akatswiri a ku Chitedze Research Station, komwe kunachitikira kafukufuku wa chamba cha mafakitale lamulo la 2020 lisanabwere, ndipo wogulitsa mbewu akupatseni umboni wa mtundu wake. Pomwe mukuyezetsanso, funsani wogula ngati adzafunanso zotsatira za nkhungu, mankhwala ophera tizilombo ndi zitsulo zoopsa za m'nthaka, chifukwa chamba chimayamwa zitsulo zotere mosavuta, ndipo n'kwabwino kudziwiratu.

Chaka chamawa musadikire kukolola kuti muyeze. Maluwa akangoyamba, tengani sampulo sabata iliyonse kapena milungu iwiri iliyonse, pa mitengo yambiri, njira imodzimodzi, munthu mmodzimodzi, n'kumalemba m'buku. Mudzaona THC akukwera, ndipo mudzakolola asanayandikire malire. Ine ndimalangiza kukolola pamene nambala ya THC ikufika cha pa 0.7 kapena 0.8, m'malo mothamangitsa CBD wowonjezera wa sabata yomaliza. Timakina tam'manja ndi timapepala tosintha mtundu tingakuthandizeni kusaka mitengo yokayikitsa m'munda kuti muizule msanga, koma nambala yake musaiike pa mgwirizano wa malonda. Mu mgwirizanowo mulembetse momveka kuti sampulo adzatenga ndani, motani, idzayezedwa ku labu iti ndi njira iti, malire ake ndi ati, ndipo malabu akadzasiyana adzagamula ndani. Mukalandira ma chromatogram awiri aja, fufutani mayina a malabu n'kunditumizira pamodzi ndi yankho la funso la njere lija, tidzawaonere limodzi.